Zithumwa za mu Shedi ya a Anselmo

M'mawa wina m'mwezi wa June, chifunga chisanachoke paphiri la Chongoni, a Anselmo anatsegula chitseko cha shedi yawo n'kudumphira m'mbuyo ngati aponda khala la moto. Pakona, pafupi ndi matumba a chimanga, panali tinthu takuda toumbidwa bwinobwino, kukula kwake ngati chala chachikulu cha kudzanja. Atawerama anaona kuti ndi ubweya wokhawokha, ndipo mkati mwake munkaonekera timafupa toyera.

"Mayi a Pilira! Tabwerani mudzaone zimene andichita anthu a m'mudzi muno!"

A Anselmo sanali munthu wodzidzimuka ndi zinthu zachabechabe. Sukulu analekera m'njira, koma dziko analiyenda. Anayamba ndi njinga yakapalasa, kugulitsa kachewere pamsika wa Mayani. Kenako anakhala wothandizira dalaivala wa lole, mpaka chiwongolero anachigwira okha. Beira anafikako, Lusaka anagonako, ku Dar es Salaam anadyako nsomba za m'nyanja yamchere, ndipo za ku Joni akayamba kufotokoza, tiyi ankazizira m'makapu. Atatopa ndi misewu anabwerera kwawo ndi lole yawoyawo, anamanga nyumba ya malata ndi shedi yaikulu yosungira mbewu. Makolo anzawo anawasankha kukhala wapampando wa komiti ya sukulu, ndipo aliyense ankangowaitana kuti a Tcheya.

A Filomena, akazi awo, anabwera akupukuta manja pachitenje. Anasuzumira tinthuto.

"Mwina ndi za mphaka, bambo a Pilira."

"Mphaka wake uti wodziwa kuumba ngati mayi wa mbiya? Izi ndi zithumwa! Ubweya ndi mafupa, inu simukuona? Masiku onsewa kadzidzi wakhala akulira pamwamba pa shedi ino dzuwa likangolowa. Lero taonani. Munthu ukangotukuka pang'ono, ansanje sagona tulo."

"Mkhristu woimba besi m'kwaya ngati inu, kumaopa ubweya?"

"Besi ndi besi, ansanje ndi ansanje. Musaphatikize."

Nthawi imeneyo Pilira, mwana wawo wa Sitandade 6, anatuluka m'nyumba atabereka chikwama cha mabuku. Ataona tinthuto maso ake anawala.

"Ababa! Zimenezo aphunzitsi a Zikhalo anatiuza kuti..."

"Khala chete! A Zikhalo akowo ndiwo gwero la zonsezi."

Nkhani yake inali yotere. A Zikhalo, mphunzitsi wa sayansi, anali atayamba kutulutsa ana m'kalasi Lachitatu lililonse masana. Ankapita nawo m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni kukaona mitengo, mbalame, tizilombo ndi mapazi a nyama. Pilira maphunzirowo anawakonda koopsa, moti anzake anamusankha kutsogolera gulu loona mbalame. Koma makolo ena ankang'ung'udza, ndipo ahedi anali ataitanitsa msonkhano Lachisanu kuti makolo agamule okha ngati maphunziro apanjawo apitirire kapena athe. Aliyense ankadziwa kuti kumene a Tcheya apendekere, msonkhano wonse upendekera komweko.

"Chiyambireni zopita kuthengozi, m'nyumba muno mwadzaza nthenga ndi zigoba za nkhono," anatero a Anselmo. "Mumakautsa zinthu zogona, ndiye zakulondolani mpaka pakhomo pano. Komanso kuthengo kwakeko kuli chiyani? Ine ndinaona mikango ndi maso angawa, itagona pamsewu wa ku Mikumi ku Tanzania, lole yanga itaima kudikira kuti idzuke. Njovu ndinaiimbira hutala! Kuno mukaonako chiyani, abuluzi? Mwana apite kusukulu akaphunzire Chingerezi ndi masamu. Kuyambira lero kuthengo usapitenso, ndipo Lachisanu ndikathetsa zonsezi."

Pilira anapita kusukulu akupukuta misozi ndi mkono wa juzi. Masana a tsiku limenelo anzake atanyamuka kupita kunkhalango, iye anatsala yekha m'kalasi, akuwayang'ana pawindo mpaka anabisika ndi mapaini.

Kunyumba a Filomena anayesa kuwanyengerera amuna awo.

"Bwanji osakaonana kaye ndi aphunzitsiwo? Mwanatu ameneyu chiyambire zimenezi sachedwanso kusukulu. Dzana anandiuza dzina la kambalame kamene ndakhala ndikukaona moyo wanga wonse osakadziwa."

"Ndikaonana nawo pamaso pa anthu, nditanyamula umboni."

Lachisanu m'mawa tinthu tija tinali titachuluka. A Anselmo anatitola ndi fosholo, poti kukhudza ndi manja sakanayerekeza, n'kutithira mu jumbo. Anamanga jumboyo mfundo pamwamba pa mfundo inzake, anaikoleka kunsonga kwa ndodo, n'kuvala jekete lawo lachikopa la ku Joni. A Filomena ankawatsatira pambuyo akudzigwira pakamwa.

Msonkhano unachitikira pansi pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa makalasi. Makolo anabwera ambiri. Ana a Sitandade 6 anakhala paudzu chapatali, Pilira ali kumapeto atazolika. Ahedi atatsegula ndi pemphero, madandaulo anayamba.

Woyamba kuimirira anali a Marita, mayi wa mawu okweza wogulitsa tomato pa Mayani.

"Ine langa ndi limodzi. Yunifolomu ya mwana wanga yatha ndi minga. Kodi aphunzitsi mudzandisokera ndinu?"

Bambo wina anati akuopa njoka. Wina kumbuyo anafunsa mosabisa mawu ngati anawo sakukatolera nkhuni za aphunzitsi. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. A Zikhalo, mnyamata wamtali wofatsa, ankangomvetsera.

Kenako a Anselmo anaimirira, anakonza jekete, n'kutsokomola.

"Makolo anzanga, mukundidziwa. Ndayenda maiko. Ndadutsa maboda amene ena a inu mumangowamva pawailesi. Koma kulikonse kumene ndinafika, sukulu ndi nyumba ya makoma ndi bolodi. Za yunifolomu ndi njoka ndi zazing'ono. Taonani zimene maphunziro a kuthengowa abweretsa pakhomo panga!"

Anadula mfundo ndi mpeni n'kukhuthulira tinthuto patebulo la ahedi.

Ahedi anakankhira mpando wawo m'mbuyo. Amayi a kutsogolo anathawa zitenje zili m'manja. A Marita anakuwa kuti, "Mayo ine! Chotsani zimenezo, ena tili ndi ana aang'ono!"

Koma a Zikhalo anayandikira tebulo, nawerama, nkhope yawo n'kusanduka ngati ya munthu amene wapatsidwa mphatso ya Khirisimasi.

"A Tcheya, mwazipeza kuti zimenezi? Ine ndi anawa takhala tikuzifuna pansi pa mitengo yonse ya m'mphepete mwa nkhalango, osazipeza!"

A Anselmo anatembenukira kwa anthu. "Mwamva? Avomera okha! Akhala akuzifuna!"

"Ndavomera ndithu," anatero a Zikhalo akumwetulira. "Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Musanagamule, lolani ana anuwa akuonetseni zimene zili mkatimu. Mukapeza chithumwa, maphunzirowa athe lero lomwe, ine sinditsutsa. Pilira, bwera ndi gulu lako."

Pilira anayang'ana bambo ake. A Anselmo anafuna kuletsa, koma maso a anthu onse anali pa iwo, ndipo munthu woimbira njovu hutala sangaoneke wamantha pamaso pa amayi a m'mudzi.

"Atsegule," anatero. "Koma chikachitika china, ine ndanena."

Ana anathamanga kukatenga mbale yakale ya madzi, timitengo ndi pepala loyera. Anavala majumbo m'manja. Pilira anaviika kanthu kamodzi m'madzi, kanafewa, ndipo anayamba kukaphwasula ndi timitengo tiwiri mosamala ngati akuchotsa minga m'nsomba. Ubweya unayandama. Timafupa tinatsalira. Anatiyala papepala: timiyendo, tinthiti toonda ngati ulusi, kenako kachigaza kakang'ono kokhala ndi mano awiri akutsogolo, aatali, achikasu.

Makolo amene anathawa aja anayamba kubwerera pang'onopang'ono, makosi ali patsogolo. A Marita anasuzumira pamwamba pa phewa la mnzawo.

"Aaa! Koma ameneyu ndi khoswe! Mano awa ndikuwadziwa ine. Ndi omwewa anandiboolera chitenje changa cha Chigwirizano cha amayi kutchalitchi!"

Ana anatsegula kachiwiri: khoswe. Kachitatu: khoswe ndi kambewa. Mnyamata wina anadandaula kuti, "Mbewayo akanatisiyira ife," anthu n'kufa nako kuseka.

"Pilira, auze makolo," anatero a Zikhalo.

Pilira anaimirira.

"Kadzidzi alibe mano. Akagwira khoswe amangomumeza wathunthu. Mnofu umagayika m'mimba, koma ubweya ndi mafupa sizigayika. Ndiye zimaumbika kukhala kampira, iye n'kukalavula pansi pa malo amene amagona. Mukapeza timipira totere, dziwani kuti kadzidzi ali pamwamba panu, ndipo akudya makoswe a pamalopo."

A Anselmo anagwedeza mutu mwamphamvu.

"Ayi, pamenepo ndiye ayi. Makoswe a mu shedi yanga ndinawathetsa ndine. Chaka chatha anandiboolera matumba mpaka ndinalira. Ndinabweretsa poizoni wa ku Beira, wamphamvu, wolembedwa Chipwitikizi. Chaka chino thumba lililonse lili gwa! Funsani mayi a kunyumba awa, amathira ndi iwowo."

Anthu onse anatembenukira kwa a Filomena. Iwo anakonza duku, n'kuyang'ana pansi.

"Bambo a Pilira, mundikhululukire. Poizoni wanu uja atapha nkhuku zanga ndi mphaka wa aneba, ndinakamutaya m'chimbudzi. Chaka chino sindinathirepo n'kamodzi komwe."

A Marita anaphulika ndi kuseka, ndipo bwalo lonse linagwa ndi phwete. Ngakhale ahedi anabisa nkhope kuseri kwa chipewa. A Anselmo anaima pakamwa pali yasa, akuyang'ana akazi awo, kenako kachigaza kaja, kenako mwana wawo.

A Zikhalo sanaseke. Anadikira phokoso lithe.

"Amayi anachita bwino, a Tcheya. Khoswe akadya poizoni safa nthawi yomweyo. Amayenda mofooka, kadzidzi n'kumugwira, naye n'kufa. Mukanapha mlonda wanu."

Agogo ena aamuna amene anakhala chete msonkhano wonse anakweza ndodo. "Nanga kulira kwake kuja, aphunzitsi? Ife tinakula tikumva kuti akalira padenga, maliro ali pafupi."

"Tonse tinakula tikumva zomwezo, agogo, ndipo mawu ake ndi oopsadi. Koma amalira poitana mnzake, ndi pouza akadzidzi ena kuti malo ano ali ndi mwini. Amabwera padenga pathu chifukwa pamene pali chimanga pali makoswe. Munthu akadwala, tithamangire naye kuchipatala. Mbalame ilibe mlandu."

A Anselmo anakankha chipewa chawo m'mbuyo. "Ine sindikhulupirira za m'mbale. Ngati kadzidziyo alidi mu shedi yanga, ndimuone ndi maso."

Kwa a Anselmo sikunali kutali. Msonkhano wonse unanyamuka, ana patsogolo, makolo pambuyo. Atafika, a Zikhalo anawaimitsa pabwalo n'kunena kuti azilowa ochepaochepa, mopanda phokoso, poti masana ndi nthawi yake yogona. Pilira anagwira dzanja la bambo ake n'kulowa nawo. Anaima pakona paja.

"Ababa, musayang'ane pansi. Kwezani maso, tsatirani mtanda uwo mpaka pamene wakumana ndi khoma."

Poyamba a Anselmo anangoona mdima ndi akangaude. Maso atazolowera, anaona nkhope yoyera mbee, yosongoka kuchibwano, maso akuda ali tseketseke. Nthenga za kumsana zinali zofiirira, zamawangamawanga ngati nsalu yodula. Pambali pake panali timitu tiwiri ta ubweya woyera ngati thonje, tikugwedezeka uku ndi uku.

"Ali ndi ana," ananong'ona Pilira. "N'chifukwa chake timipira tachuluka."

A Anselmo anayang'ana nthawi yaitali. Shedi imeneyi anaimanga okha, mtanda umenewo anaukhoma ndi manja awo, koma chiikireni malata anali asanakwezepo maso kuyang'ana m'mwamba. Ndipo amene anawaonetsa anali mwana wawo yemwe, amene dzana lomweli anamuuza kuti akhale chete.

Atatuluka anapeza anthu onse akuwadikira. Anakonza jekete, n'kutsokomola monga mwa nthawi zonse.

"Makolo anzanga! Ndafika ku Beira, ndafika ku Dar, ndafika ku Joni. Ndaona mashedi a anthu olemera okhala ndi alonda a yunifolomu ndi agalu. Koma mlonda wogwira ntchito usiku wonse, osapempha tiyi, osawodzera, ndi kubweretsanso lipoti m'mawa uliwonse, ali pano pa Chongoni pokha, mu shedi ya Anselmo! Ndipo amene wawerenga lipotilo ndi ndani? Mwana wa ndani?"

"Wa a Tcheya!" anayankha ana mokuwa.

"Tsitsani mawu, mudzutsa mlonda wanga. Ine ndikuti maphunzirowa apitirire. Amene akutsutsa akweze mkono."

Palibe amene anakweza, koma a Marita sanafune kungogonja.

"Za yunifolomu zija sizinathe, a Tcheya."

Anakambirana pomwepo, ataima pabwalo. Anagwirizana kuti Lachitatu ana azitenga zovala zakale zosinthira, ndipo amene ali ndi nsapato azivala. Bambo woopa njoka uja anauzidwa kuti ana saloledwa kupisa dzanja m'dzenje kapena pansi pa mwala, ndipo anadzipereka kuti aziwaperekeza. A Zikhalo anawonjezera kuti malegeni ndi machesi zimatsala kunyumba, mazira ndi zisa amangoona osakhudza, ndipo pobwerako aliyense amasamba m'manja ndi sopo. Za nkhuni anati, "Muzibwera mudzaone nokha. Komanso ine mitengo yambiri ndimaidziwa ndi mayina a m'buku. Mayina ake enieni ndi ntchito zake mukuzidziwa ndinu. Bwerani mudzatiphunzitse."

Agogo aja anati iwo abwera, bola ana aziyenda pang'onopang'ono.

Lachitatu lotsatira, gulu limene linalowera kunkhalango linali lalitali kuposa kale. Agogo anaonetsa ana kusiyana kwa msuku ndi muwanga pongokhudza khungwa. A Marita, amene anati angobwera kudzalondera zovala, anathera nthawi yonse akufotokoza malo amene bowa amamera mvula ikagwa, ndi chifukwa chake mwana sayenera kuzula bowa popanda wamkulu. A Anselmo anali patsogolo, jekete lili paphewa, atayamba kale nkhani ya mikango ya ku Mikumi. Pilira anawakoka malaya.

"Ababa, mukalankhula zithawa."

A Tcheya anatseka pakamwa, chinthu chimene anthu a ku Chongoni anali asanachionepo. Posakhalitsa, pamwamba pa thanthwe panatulukira mbira, zonenepa, zikuothera dzuwa. Pumbwa analira m'tchire, gologolo anadutsa panthambi. Mwana aliyense ankaloza mwakachetechete, ndipo a Anselmo ankaloza nawo, maso ali tong'o ngati mwana wa Sitandade 1.

Teremu imeneyo, pamayeso a sayansi, ana a Sitandade 6 anakhoza bwino funso la zimene nyama zimadya, poti yankho lake anali ataligwira ndi timitengo. Anyamata a m'mudzimo analeka kugenda akadzidzi. Makalasi ena anayamba kubwera kudzaona mlonda wa mu shedi, ndipo a Anselmo ankawalandira okha pachipata, kuwauza kuti alowe ochepaochepa ndipo atseke pakamwa.

Tsiku lina la msika pa Mayani, dalaivala wina wachinyamata ankasimba za mikango imene anaona paulendo wa ku Tanzania. A Anselmo anamumvetsera mpaka anamaliza, kenako anamugwira paphewa.

"Mphwanga, mikango imeneyo ndinaiona iwe usanabadwe. Koma tandiuza, inakugwirirapo khoswe ngakhale mmodzi? Ubwere kwathu ku Chongoni, mwana wanga Pilira akakuonetse nyama yogwira ntchito. Akakuuza dzina la mbalame iliyonse ya m'phirimo, mpaka zimene yadya dzulo. Ameneyo ndi mwana wa Anselmo!"

Makolo anzathu, sukulu sithera pakhoma la kalasi. Mitengo, mbalame ndi nyama za kwathu kuno ndi buku limene ana athu angathe kuliwerenga ndi maso awo. Tiwalole atuluke akaphunzire panja motsogozedwa ndi aphunzitsi, tiwaperekeze, tiwauze mayina amene ife tikuwadziwa. Mwana amene wachidziwa chilengedwe sachiopa ndipo sachiwononga. Amachisamala, ndipo tsiku lina adzatigwira dzanja n'kutionetsa zimene zili pamwamba pa mitu yathu.